Chiwongolero Chinalimba M'nyengo Yokumba Mtedza

Galimoto yoyendera magetsi ndinaigula chifukwa chotopa ndi mizere ya mafuta. Ndinali namwino pa boma la Mchinji, ndipo masiku anga opuma ankathera pamalo omwetsera mafuta, nditatsamira chitseko cha galimoto yanga yakale, kudikira thanki yomwe aliyense ankati ili m'njira koma palibe anaiona. Tsiku lina mnzanga wa ku Lilongwe, amene tinaphunzira limodzi unamwino, anandiimbira foni kuti akusamuka ndipo akugulitsa galimoto yake yaing'ono, yotuwa, yochokera ku Japan, yosamwa mafuta. Sabata isanathe inali pakhomo panga. Ndinkaitchaja pakhonde magetsi akakhalapo, ndipo kwa chaka chathunthu sinandivutitse.

Bambo anga anaiona koyamba pa Khirisimasi. Iwo moyo wawo wonse anali makaniko. Anakonza malole onyamula fodya, mathirakitala a m'maesiteti, ngakhale injini za zigayo, mpaka maso atayamba kuchita ng'ala anavula ovolosi n'kubwerera kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Ludzi. Nditafika nayo anaizungulira kawiri, anandiuza kuti nditsegule boneti, anasuzumira nthawi yaitali, kenaka anatseka okha pang'onopang'ono.

"Amayi," anatero, pakuti chibadwire mwana wanga woyamba ankanditchula choncho, "iyi si galimoto ayi. Iyi ndi wailesi ya matayala."

Tonse tinaseka, koma kuyambira tsiku limenelo sanaikhudzenso. Ndikapita kumudzi ankandifunsa za ana, za kuntchito, za feteleza ngati wafika pa boma, koma za galimoto ayi. Ndinkadziwa kuti sikunali kudana nayo. Munthu amene madalaivala a dera lonse ankamufunafuna galimoto ikafa panjira sakanakonda kuima pamaso pa mwana wake n'kunena kuti sakudziwa poyambira.

Vuto linayamba mvula ikupita kumapeto. Pamsewu wa tala, ndikuthamanga, zonse zinali bwino. Koma ndikamakhota pang'onopang'ono, monga poimika galimoto kuchipatala kapena potembenuka pamsika, chiwongolero chinkalimba ngati pali wina wachigwira akukokera kwake. Nthawi zina kanyali kofiira kojambulidwa chiwongolero kankayaka kutsogolo kwangako, kenaka n'kuzima kokha. Pofika mwezi wa Meyi phewa langa linkawawa, ndipo ndinayamba kusankha malo oimika osafuna kubwerera m'mbuyo.

Ndinapita nayo pagalaja ina kuseri kwa msika, kwa bambo wofatsa amene ankandikonzera galimoto yakale ija. Anakhala pansi pa boneti pafupifupi ola, kenaka anadzuka akupukuta manja.

"Anesi, ine chiwongolero chikalimba ndimayamba ndaona oilo wake. Ndafunafuna kabotolo ka oilo, palibe. Pampu palibe, lamba palibe. Ndikanena kuti ndikudziwa ndikunamizani. Pitani nayo ku Lilongwe, kapena muwolokere ku Chipata, kuli anthu a makompyuta."

Ndinamuthokoza chifukwa chonena zoona. Koma ulendo wautali ndi chiwongolero chosadalirika unkandiopsa, ndipo kuntchito tinali ochepa. Ndinangokhala ndikuzengereza.

Kenaka ndinapeza masiku anayi opuma, ndipo amayi anali atanditumizira uthenga kuti mtedza wauma, akusowa wowathandiza kuthothola. Ndinanyamuka Lachinayi masana. Kuti ulowe pakhomo pa makolo anga umachoka pamsewu wafumbi n'kukhota mwamphamvu pakati pa mtengo wa mango ndi nkhokwe. Tsiku limenelo chiwongolero chinandikanira pomwepo. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinayesanso, ndinabwereranso, thukuta likutsika. Ulendo wachitatu ndinalowa, koma mphuno ya galimoto inakankha thandala la amayi, mbale ndi makapu n'kugwera m'dothi. Amayi anatuluka m'khitchini akufuula, nkhuku zinabalalika. Bambo anali pakhonde pampando wawo wansungwi, ndipo sanasunthe. Maso awo sankaona zinthu zing'onozing'ono, koma galimoto yobwerera katatu anaiona.

Tinalonjerana, ndinapepesa kwa amayi, tinatola mbale. Madzulo onse tinakhala pamkeka tikuthothola mtedza, bambo akuthandiza nawo. Dzuwa likulowa ndi pamene bambo anafunsa za galimoto, osandiyang'ana.

"Imakukanirani chonchi masiku onse?"

"Miyezi iwiri tsopano, bambo."

"Nanga a pa boma akuti chiyani?"

Ndinawafotokozera. Anagwedeza mutu, n'kuponya mtedza m'lichero. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma m'mawa wa Lachisanu, ndikusesa, ndinawaona akutuluka m'nyumba atavala ovolosi ija, yomwe tsopano inkawakulira m'mapewa, atanyamula bokosi lawo lathabwa la zipangizo.

"Ilowetseni m'chigafa," anatero. "Fodya anapita, malo alipo. Padzuwa pano sindiona kanthu."

Chigafa chinali chozizira, fungo la fodya likadali m'maudzu a denga. Bambo anakhala pa chidebe chovundikira ndipo sanayambe ndi kutsegula boneti. Anayamba ndi mafunso. Chinayamba liti? Chimalimba pokhotera mbali imodzi kapena zonse? Kuli phokoso? Munagwerapo m'dzenje lalikulu? Munadutsapo m'madzi?

Funso lomalizali linandikumbutsa maliro a mayi wa mnzathu wakuntchito, omwe tinakaika cha ku Kachebere mvula ili pachimake. Pobwera tinawoloka dambo, madzi amatope akufika m'munsi mwa zitseko, ndipo ndinanyadira kuti galimoto yanga inadutsa pamene ina ya petulo inazima pakati.

"Ndiye munaitsukitsa pansi pake?"

"Pamwamba pokha."

Sanandidzudzule. Anangofunsa ngati pali china chachilendo chomwe galimoto yayamba kuchita, ngakhale chooneka ngati chosagwirizana ndi chiwongolero. Ndinaganiza. Ndinawauza kuti masiku ena m'mawa ndimayenera kudina batani kawiri kuti idzuke, ndiponso kuti wotchi yake yataya nthawi kangapo, ine n'kumaikonza.

"Tizisunge zimenezo," anatero. "Tiyambe pansi. Chiwongolero chimathera kumatayala."

Anagwada n'kupapasa tayala lililonse, akulikanikiza ndi chala chachikulu, kenaka anandipatsa kachitsulo koyezera mpweya kuti ndiwawerengere manambala. Tayala lakutsogolo kumanzere linali lochepa mpweya. Tinasinthana kuponda pampu yawo yakale mpaka linakhuta. Ndinalowa, ndinaidzutsa, ndinapotoza chiwongolero, ndipo ndinamva ngati chapepukako.

"Yachira!" ndinatero.

"Potozani mpaka kumapeto, mubwererenso."

Ndisanafike pakati chinalimbanso, kanyali kofiira n'kuyaka.

Tinaika thabwa pansi, tinakweza kutsogolo ndi jeke, n'kuchirikiza ndi zipika za mtengo mbali zonse ziwiri, chifukwa bambo sankalola munthu kuika mutu pansi pa galimoto yodalira jeke yekha. Matayala ali m'malere, anagwira lililonse ndi manja awiri n'kuligwedeza uku ndi uku, khutu ali tcheru. Anagona chagada pa chiguduli n'kupapasa zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala, pamodzi ndi timphira tophimba mfundo zake. Matope ouma ankawagwera kumaso. Kenaka anandiuza kuti ndimasule loko wa chiwongolero osaidzutsa galimoto, ndipo iwo analowetsa dzanja pawindo n'kuchizunguza kuyambira kumapeto ena kufika kwina. Chinayenda mosalala, osakakamira paliponse.

"Zitsulo zilibe mlandu," anatero. "Palibe chapindika, palibe chauma. Ndiye kuti chimene chimathandiza manja anu ndicho chafooka."

Anatsegula boneti. Ndinawaona akuyendetsa dzanja m'malere, pamalo pomwe pakanakhala pampu, pomwe pakanadutsa lamba, kenaka dzanja lija linatsika.

"Apa ndiye pathera nzeru zanga, amayi. Magalimoto onse ndinagwirapo, injini imazunguza lamba, lamba amazunguza pampu, pampu imakankha oilo. Kuno kulibe ngakhale chimodzi. Chimakuthandizani n'chiyani?"

Anafunsa mofatsa, popanda manyazi, ndipo ine ndinachita manyazi m'malo mwawo chifukwa ndinali nditayenda nayo chaka ndi miyezi osadzifunsa funso limenelo. Kabuku ka galimoto kanali m'Chijapani. Ndinatenga foni n'kupita pa chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, pomwe netiweki imagwira, ndipo ndinawerenga kwa theka la ola. Nditabwerera ndinawapeza atakhala pa chidebe chija, amayi atawabweretsera tiyi ndi mbatata, nawonso atasamutsira mkeka ndi mtedza wawo pakhomo pa chigafa kuti azionerera.

Ndinafotokoza zomwe ndinapeza. Kunsi kwa chiwongolero, pamwamba pa mawondo a woyendetsa, kuli kamota kamagetsi. Ukayamba kupotoza, kamazindikira n'kukankhira komweko. Koma chomwe chinandidabwitsa n'chakuti kamotako sikadya kuchokera kubatire lalikulu loyendetsa galimoto, lomwe lili pansi pa mipando. Kamadya kubatire laling'ono, lofanana ndi la galimoto wamba, lomwe limadyetsanso nyali, wailesi ndi wotchi. Batire lalikulu limangolidzazira laling'onolo galimoto ikadzuka.

Bambo anaika kapu pansi.

"Ili ndi batire wamba? La mavoti thwelofu?"

"Lilipo, bambo. Lili pakona apo, laphimbidwa ndi pulasitiki."

"Ndi wotchi yomwe," anatero motsitsa, ngati akudziyankhula okha. Kenaka anadzuka mofulumira kuposa momwe ndinawaonera chaka chonsecho. "Bwera kuno iwe, undionetse."

Zaka zambiri zinali zitapita asanandiitane kuti iwe. Sanazindikire n'komwe.

Ndisanawalole kugwira china chilichonse ndinawauza chomwe ndinawerenga mobwerezabwereza pa chulu paja: mawaya onenepa a mtundu wa lalanje ndi a batire lalikulu, ndipo mphamvu yake ikhoza kupha munthu. Bambo sanatsutse. Anati maso awo sasiyanitsa bwino mitundu mumthunzi, choncho ndiwasonyeze. Ndinawalozera pomwe mawayawo akudutsa, kenaka tinang'amba katoni n'kuphimba mbali yonseyo, kusiya poyera kona ya batire laling'ono yokha.

"Kale lole ikakana kulira," anatero, "tinkayatsa nyali n'kuliza. Nyali zikagwa mphwayi, tinkadziwa kuti batire lafooka. Iyi siilira, koma tiipatse ntchito ina yolemera. Tsitsa jeke, matayala agwire pansi. Udzutse, uyatse nyali, upotoze."

Ndinachita momwe ananenera. Kuwala kunagwa pa mpanda waudzu wa kumapeto kwa chigafa. Ndinapotoza, chiwongolero chinalimba.

"Zasintha?" bambo anafunsa, akutsinzinira kumpandako. "Ine ndikungoona mbuu."

Ine ndinali kuyang'ana kanyali kofiira, sindinaone. Amene anayankha ndi amayi, ali pamkeka.

"Zikuphethira. Akamapotoza zikufooka, akasiya zikubwerera. Tachitanso, mwana wanga. Eya, si izo!"

"Mwaonetsetsa, mayi?"

"Nanga ine maso anga ali ngati anuwo?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anafukula pansi pa bokosi lawo n'kutulutsa mita yakale yoyezera mphamvu ya batire, ya singano, yokulungidwa m'sokosi. Iwo anagwira mawaya ake pamitu iwiri ya batire, ine ndikuwerenga. Galimoto itazima, singano inaima pansi pang'ono pa thwelofu. Anati batire lathanzi liyenera kupitirirako. Nditaidzutsa, anati singano iyenera kukwera kuyandikira fotini, kusonyeza kuti batire likulandira. Inangosuntha pang'ono n'kuima.

"Lafooka, inde," anatero. "Koma kaya lafa ndi ukalamba, kaya pali chikulimana, sindinadziwe. Mawa tiyesa ndi lina."

Batire lina pakhomopo linali limodzi lokha, la sola, lomwe amayi amatchajira foni ndi kumvera wailesi. Loweruka m'mawa panali kukambirana kwakutali. Amayi anati thandala lawo lathyoka kale chifukwa cha galimoto imeneyi, tsopano tikufuna kuwaphera batire. Bambo analonjeza kuti libwerera dzuwa lisanafike pamutu. Pamapeto pake amayi analimasula okha, analipukuta fumbi, n'kundisenzetsa.

Bambo analiika pa chidebe pafupi ndi galimoto n'kutulutsa mawaya awiri ojampira, ofiira ndi akuda, okhala ndi zopanira kumapeto. Ofiira analumikiza mutu wa pulasi wa batire la amayi ndi mutu wa pulasi wa la galimoto, ine ndikutsimikizira zizindikiro. Akuda analumikiza mitu inayo. Ndinadzutsa galimoto, ndinayatsa nyali, ndinapotoza. Ndinkayembekezera kuti chipepuka. Chinalimba chimodzimodzi, ndipo amayi anati nyali zikuphethirabe.

Ndinayamba kuganiza za kamota kaja, kuti mwina kapsa, ndi kuti kotere kangapezeke kuti. Koma nditatuluka ndinapeza bambo akumwetulira.

"Mabatire awiri, ndipo palibe chasintha," anatero. "Ndiye kuti mphamvu ilipo koma ikusowa njira. Magetsi amapita ndi waya, amabwerera kudzera m'thupi la galimoto. Njira yobwerera ikatsekeka, ngakhale ubweretse mabatire khumi palibe chingasinthe."

Anandiuza kuti ndizimitse. Anachotsa chopanira chakuda pamutu wa batire la galimoto, anapapasa mpaka anapeza bawuti yoyera pachitsulo cha thupi la galimoto, n'kuchipanira pamenepo.

"Yesanso."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, nditakonzeka kulimbana nacho, ndipo chinathawa m'manja mwanga n'kuzungulira mpaka kumapeto. Ndinabwereza ndi dzanja limodzi. Kanyali kofiira sikanayake. Amayi anati nyali zaima nji.

Bambo sanakondwere msanga. Anachotseratu batire la amayi, n'kutenga waya wakuda yekha kulumikiza mutu wa mainasi wa batire la galimoto ndi bawuti yoyera ija. Chiwongolero chinakhalabe chopepuka, ngakhale osafika poyamba paja. Kenaka anachotsanso wayayo, anandiuza kuti ndipotoze kangapo, ndizimitse, ndipo anatsatira ndi zala waya wa galimoto womwe, wamfupi, wonenepa, wochoka pamutu wa mainasi kutsikira pansi. Dzanja lawo linalowa mpaka m'chigongono kuseri kwa batire.

"Bweretsa dzanja."

Anandigwira pamkono n'kutsogolera zala zanga mpaka zinakhudza chibulumwa cha matope ouma. Chinali chofunda.

"Pamene magetsi akuvutika kudutsa pamatentha," anatero. "Ndi apa."

Ndinapereka kiyi kwa amayi kuti amangirire pa chitenje chawo, kutali ndi galimoto. Tinamasula mutu wa mainasi poyamba, kenaka wa pulasi, n'kutulutsa batire kuti tipeze malo. Nditakokola matope ndi kamtengo, ndinaona kumapeto kwa waya uja, pomwe amamangidwa kuthupi la galimoto. Panali ufa wobiriwira ndi woyera, bawuti itachita dzimbiri, ndipo nditakoka wayayo anagwedera ngati dzino lofuna kuchoka. Matope a dambo la ku Kachebere anakhala pamenepo miyezi itatu akusunga chinyezi.

Bambo anasankha sipanala m'bokosi mongokhudza, osayang'ana. Anaweramira, n'kuyesa kuilowetsa pabawuti. Inaterereka. Anayesanso, koma sipanala inkangogunda chitsulo osagwira bawuti. Ulendo wachitatu inagwera pansi. Ndinaitola n'kuwapatsa, koma sanailandire.

"Gwira iwe," anatero. "Usakoke mwamphamvu, ingathyoke. Limbitsa pang'ono poyamba, kenaka umasule."

Ndili mwana ndinkawagwirira zipangizo, kuwapatsira ichi ndi icho, koma bawuti ankamasula okha, ndipo ngakhale anthu amene ankagwira nawo ntchito sankawasiyira pomalizira. Ndinadonthezera oilo pang'ono, tinadikira, ndinalimbitsa monga ananenera, kenaka ndinabweza. Inalira kamodzi n'kumasuka.

Amayi anatenthetsa madzi n'kutipatsa soda wawo wothira m'therere. Tinaviika kumapeto kwa waya m'kapu, madzi n'kuchita thovu, ufa wobiriwira uja ukusungunuka. Ndinatsuka ndi mswachi wakale, ndinaumitsa, kenaka ndinapala ndi sandipepa mpaka mkuwa unaoneka wofiirira. Ndinapalanso pathupi la galimoto pomwe waya amagona. Nthawi iliyonse ndikanena kuti kwayera, bambo ankapapasa ndi chala n'kunena kuti ndipitirize. Mitu ya batire nayonso tinaipala. M'kachitini ka mabawuti akale anapezamo ina yofanana, yopanda dzimbiri, ndi kawashala kake. Ndinamanga, iwo anayesa kugwedeza waya ndi mphamvu zawo zonse, kenaka anapaka girizi pamwamba kuti madzi asadzalowenso.

Tikugwira ntchito imeneyi anandiuza chinthu chomwe sindinkachidziwa. Anati nditamaliza pulayimale anaganizapo zondiphunzitsa umakaniko, chifukwa mwa ana awo onse ndine ndekha ndinkadziwa kusiyanitsa masipanala osauzidwa. Koma anaona momwe manja awo analili, ndi momwe mabwana ankawayankhulira, ndipo anasankha kuti ndipitirize sukulu.

"Mukanandifunsa, mwina ndikanavomera," ndinatero.

"N'chifukwa chake sindinakufunse."

Tinabwezera batire, pulasi poyamba, mainasi pomalizira. Amayi anamasula kiyi. Galimoto inadzuka ndi kudina kamodzi. Singano ya mita inakwera n'kuima pafupi ndi fotini. Bambo anandiuza kuti ndiisiye choncho kanthawi kuti batire lidye, ndipo tinabwezera la amayi m'nyumba dzuwa lisanafike pamutu, monga analonjezera.

Masana tinapita kukaiyesa pabwalo la mpira la kusukulu, lomwe linali lopanda anthu. Bambo analowa n'kukhala kutsogolo, ulendo wawo woyamba. Ndinazungulira pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, ndinaima n'kupotoza ili chiimire. Iwo anatambasula dzanja n'kukankha chiwongolero ndi zala ziwiri. Kenaka anandiuza kuti nditseke mawindo, anaweramitsa mutu pafupi ndi bondo langa, n'kundiuza kuti ndipotozenso.

"Ndikukamva kamota kaja," anatero. "Kakung'ung'udza ngati njuchi ili m'botolo. Kakulira bwino, kalibe vuto."

Pobwerera anandichenjeza kuti batire lakhala ndi njala nthawi yaitali ndipo mwina silibwereranso mwakale, choncho ndikangoona wotchi yatayanso nthawi ndigule lina osadikira. Ananena zoona. Linapirira mpaka kuzizira kwa Julaye, ndipo ndinalisintha. Anatinso mvula ikadzatha chaka chilichonse ndizikaitsukitsa pansi, ndipo ndiziyang'ana ndekha malo aja. Madzulo amenewo tinakonza thandala, ine ndikukumba maenje, iwo akumanga ndi luzi.

Lamulungu titabwera ku Misa, amayi anandipeza ndikupinda zovala.

"Poti yachira," anatero, "undiperekeze ku Mkanda kwa achemwali anga. Chikolole chaka chatha sindinawaone, ndipo pakabaza msana wanga sukundilolanso."

Ndinayang'ana mphamvu yotsala m'batire lalikulu, ndinawerengera njira yopita, yobwerera ndi yokafika pa boma, ndipo inkakwana ngati sindithamanga. Amayi analongedza mtedza m'thumba, maungu awiri, ndi nkhuku yomanga miyendo yomwe anaiika pamapazi awo. Bambo anati iwo atsala, mbuzi zilibe woyang'anira.

Msewu wa ku Mkanda unali wodzaza njinga, ena atanyamula matumba a chimanga, ena akazi awo ovala zakutchalitchi. Popeza galimoto ilibe phokoso, ambiri sankadziwa kuti tili kumbuyo kwawo, ndipo ndinkayenda pang'onopang'ono, kuliza hutala mopepuka ndikadali patali kuti ndisawadzidzimutse. Amayi anatsitsa windo n'kumapereka moni kwa aliyense, odziwika ndi osadziwika omwe. Ankandisonyeza minda, uwu wa uje, uwu anagulitsa, apa panali chitsime. Pena anandiimitsa kuti tinyamule mayi wina wokalamba amene ankayenda ndi ndodo, ndipo pofika pomwe ankatsikira anali atapeza kale kuti ali pachibale cha kuukwati.

Amayi aakulu tinawapeza atakhala kuseri kwa nyumba akusenda chimanga, ndipo anadzidzimuka kutiona titaima kale pabwalo. Awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali, akufunsana za matenda, za ana, za amene anamwalira. Ine ndinatsitsa katundu n'kumasula nkhuku. Nditabwera kudzakhala, amayi aakulu anatambasula mwendo wawo wamanja n'kukweza chitenje mpaka pabondo.

"Mwabwera bwino, anamwino athu. Mwendo uwu watupa sabata zitatu, mankhwala a kugolosale sakuthandiza."

Ndinapempha madzi ndi sopo, ndinasamba m'manja, n'kuwafunsa kuti kutupako kunayamba bwanji.